Mbiri ya Kungoni, Sukulu ya Magule ndi Nyimbo za Makolo pa Mishoni ya Mua

Munthu wotsika mapiri kuchokera ku Dedza pa msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, akafika m'chigwa nakhotera kumpoto pa msewu waukulu wa ku Salima, sayenda mtunda wautali asanaone njira yopatukira kumadzulo, kumene mapiri amene wangowatsika aja atchinga dziko la Mtakataka. Ndipo kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, ndiko kuli mishoni yakale ya Mua pamodzi ndi bungwe la Kungoni, limene mbiri yake tifuna kuilongosola pano. Tikulembera makamaka aphunzitsi, ana a sukulu ndi atsogoleri a magulu a zovinavina m'midzi amene akukonzekera kukafikako koyamba, kuti pokaona magule pa bwalo lija akadziwenso njira yaitali ndi yaminga imene ng'oma inayenda isanaloledwe kulira pafupi ndi khomo la tchalitchi.

Ansembe a chipani cha White Fathers, amene masiku ano adziwika ndi dzina la Missionaries of Africa, anayamba ayesa kukhazikika kwa Mponda m'chaka cha 1889, koma ntchito yawo kumeneko sinazike mizu ndipo anachokako. M'chaka cha 1902 ndi m'mene anadzamanga pa Mua, napeza kuti dziko lija lili ndi mitundu itatu yokhala moyandikana: Achewa, eni nthaka kuyambira kale, Angoni a Kachindamoto, amene anali atangotsikira kumene m'chigwamo itatha nkhondo ya pachibale ndi a kwa Gomani, ndi Ayao, amene anali ndi midzi yawo cha ku nyanja. Mtundu uliwonse unali ndi nyimbo zake, magule ake ndi njira yake yolangizira ana, pakuti nthawi imeneyo kuvina sikunali kongosangalatsa maso ayi, koma ndimo munali sukulu yophunzitsiramo ulemu, ukwati, maliro ndi ufumu.

Sitingalembe mbiri yoona ya Kungoni tikabisa kuti kwa zaka zambiri mishoni ndi dambwe zinali pa udani waukulu. Ansembe oyamba aja anaona Gule Wamkulu ngati ntchito ya mdima yotsekereza anthu njira ya chipulumutso, ndipo Mkhristu wopezeka ku gule ankachotsedwa pa masakramenti. Eni mzinda nawo anaona sukulu ya mishoni ngati msampha wowalanda ana awo, kotero kuti mnyamata amene mphunzitsi anamulemba m'kaundula lero, mawa lake ankapezeka atamutengera ku dambwe. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowu unakula ndithu, milandu nifika kwa bwanamkubwa wa boma, ansembe akupempha kuti gule aletsedwe, mafumu akuumirira kuti mzinda ndi cholowa chimene anasiyiridwa ndi makolo ndipo palibe angawalande. Ife obwera m'mbuyo sitiyenera kufulumira kuweruza. Mishoni yomweyo ndiyo inabweretsa sukulu, chipatala ndi malo osamalira odwala khate amene ena onse ankawathawa, ndipo kuchokera m'midzi ya ku Mua komweko munatuluka Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba ndiponso episkopi woyamba wa Chikatolika wobadwira m'dziko muno. Komabe amene anasauka koposa pa mkangano wonse uja anali mwana, amene m'mawa ankauzidwa kuti nyimbo za agogo ake n'zonyansa, madzulo nauzidwa kuti wosadziwa mwambo ndi mwana wakhanda ngakhale atamera ndevu.

Zinthu zinayamba kusintha utachitika msonkhano waukulu wachiwiri wa maepiskopi ku Vatican, umene unakhala kuyambira 1962 kufikira 1965, pamene Mpingo unavomereza kuti mtundu uliwonse uyenera kupembedza Mulungu m'chinenero chake ndi m'mayimbidwe ake, ndi kuti m'miyambo ya anthu muli zabwino zimene Mlengi anafesamo amishoni asanafike. Patangopita zaka ziwiri, m'chaka cha 1967, kunafika m'Malawi wansembe wachinyamata wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, munthu wa luso lojambula, amene anadzipereka kuphunzira Chichewa ndi kukhala pansi pamodzi ndi akuluakulu a m'midzi, kumvetsera koposa kulankhula, kufikira Achewa anamulandira namupatsa mfunda wa Chisale. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha; ndipo kudekha kumeneko ndiko kunatsekula makomo amene ukali wa zaka makumi asanu unalephera kuwatsekula.

Bungwe la Kungoni analikhazikitsa ndi Bambo Boucher pa Mua m'chaka cha 1976, ndipo dzina lake linachokera ku mathithi a mu mtsinje wa pafupi pomwepo. Pachiyambi silinali sukulu ya magule konse, koma kagulu ka amisiri osema mitengo, ndipo cholinga chake chinali cha pawiri: kuti amuna a m'midzi yozungulira apeze ntchito ya manja yodyetsera mabanja awo, ndi kuti matchalitchi a m'dziko muno akhale ndi zosema zooneka nkhope ya anthu a kuno, m'malo mwa zifanizo zobwera m'mabokosi kuchokera ku Ulaya. Chiyambi chimenecho sichinali chopanda zokhoma. Akhristu ena, amene makolo awo anasiya gule ndi mtima wonse pofuna ubatizo, sanamvetse chifukwa chimene wansembe angayendere ku maliro a gule ndi kulemba nyimbo zake; eni dambwe nawonso anali ndi chifukwa chokwanira chokayikira munthu wochokera ku nyumba yomwe ija imene inkawaneneza ku boma. Inalinso nyengo ya chipani chimodzi, pamene magule ankaitanidwa kawirikawiri ku misonkhano ya ndale, mawu a nyimbo zakale nasinthidwa kuti atamande olamulira, kotero kuti kufunafuna tanthauzo lenileni la nyimbo kunali ntchito yofuna nzeru ndi kusamala pakamwa.

Luso la amisiri aja linakula, ntchito zawo zinakongoletsa matchalitchi ambiri m'Malawi, zina zinawoloka nyanja, mwa izo zosema za m'kachisi wa bungwe la Missio mu mzinda wa Munich ku Germany. Koma mmisiri sangaseme namwali wovina chisamba asanadziwe chifukwa chimene namwaliyo wazyolikira, kapena m'mene namkungwi amaimira pambali pake. Ndipo pofunafuna kuti zosema zinene zoona, a Kungoni anapezeka akusonkhanitsa nyimbo, miyambi, mavinidwe ndi mbiri za zilombo, akufunsa nkhalamba m'midzi ya ku Dedza ndi maboma oyandikana nawo, akujambula zithunzi ndi kulemba zonse mosamala. Umu ndi m'mene nyumba ya amisiri inasandukira nkhokwe ya miyambo, ndipo kuchokera m'nkhokwemo munabadwa gulu la ovina ndi oimba la Kungoni, amuna ndi akazi a m'midzi yozungulira mishoni, amene ntchito yawo ndi kusunga magule a mitundu itatu ija ndi kuwaphunzitsa kwa ena.

Apa ndi pamene tifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti kaphunzitsidwe ka pa Kungoni ndiko chuma chake chenicheni. M'malo ambiri mwana akaphunzitsidwa gule amaphunzitsidwa miyendo yokha: ponda apa, tembenuka apo, gwedeza chiuno, ndipo alendo akaomba m'manja amati ntchito yatha. Pa Kungoni gule saloledwa kulowa m'bwalo wopanda mawu ake. Wolongosola amaimirira nafotokoza kuti guleyo ndi wa mtundu uti, amavinidwa pa nthawi yanji, nyimbo yake ikudzudzula chiyani kapena ikutonthoza yani. Ndipo pokhapokha zimenezi zitamveka ndi pamene ng'oma zimayamba. Wophunzira amauzidwa kuti ng'oma za gule si zofanana, kuti mpanje ndi gunda zimagwira maziko a kayimbidwe, pamene mbalule ndiyo imalankhula ndi mapazi a chilombo, kuchiitana, kuchitembenuza ndi kuchiimitsa, kotero kuti woimba mbalule wosayang'ana wovina ndi wowononga gule ngakhale manja ake atakhala opepuka chotani. Amauzidwanso kuti amayi oimba ndi kuomba m'manja m'mbali mwa bwalo si oonerera chabe, popeza nyimbo yoyambitsidwa popanda oivomera imagwa pansi.

Tsono zilombo zimabwera chimodzichimodzi, chilichonse ndi mwambo wake. Chadzunda, tate wa zilombo, amalowa motsimphina ngati nkhalamba, koma ng'oma zikakolera amavina ndi mphamvu ya mfumu, kukumbutsa anthu ulemu woyenera akuluakulu. Maliya amavina mofatsa ndi modzilemekeza, chitsanzo cha mkazi wosunga banja. Simoni, wa nkhope yofiira, ndi mlendo wosadziwa miyambo ya eni mudzi, ndipo anthu pomuseka amaphunzira chimene sayenera kukhala. Kasiyamaliro, amene Achewa amamulemekeza ngati mayi wa onse, amatuluka pa miyambo yolemera ya maliro ndi chinamwali, ndipo Njovu siioneka wambawamba koma pa zinthu zokhudza ufumu. Chimene ambiri sadziwa, ndipo a Kungoni anachionetsa poyera ndi kafukufuku wawo, n'chakuti gule sanaime pamalo amodzi: m'badwo uliwonse umabala zilombo zake zatsopano, zodzudzula uchidakwa, umbombo, chiwerewere, ndi kuchenjeza za matenda a Edzi pamene mliriwo unafika. Wonena kuti Gule Wamkulu ndi chinthu chakale chosakhudza moyo wa lero angosonyeza kuti sanamvetsere mawu a nyimbo zake.

Magule a amayi ali ndi malo awo olemekezeka, makamaka chisamba, chimene anamkungwi amalangizira nacho anamwali, ndi chimtali cha pa zikondwerero. A Chingoni amavina ngoma atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda pansi mwamphamvu ndi mogwirizana kotero kuti nthaka yomwe imakhala ng'oma yawo, amayi nawo navina msindo, atsikana uyeni. Kuchokera kwa Ayao kuli manganje, amene amamveka pa nyengo ya zinamwali za jando ndi nsondo, ndiponso beni, amene anatengera perete wa asilikali a nkhondo za azungu. Kuona magule a mitundu itatuyi pa bwalo limodzi, ovina omwewo akusintha zovala ndi kaimidwe, kumaphunzitsa mwana wa sukulu chinthu chimene buku la mbiri limachinena mozizira: kuti anthu amene makolo awo anathirana nkhondo akhoza kusungirana nyimbo.

Pamene zaka za m'ma 1900 zinali kutha, zosonkhanitsidwa zija zinali zitachuluka kotero kuti zinafuna nyumba yakeyake, ndipo kunamangidwa nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare, yotchedwa dzina la Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anatumikira pa Mua m'masiku akale. Makoma ake akunja ajambulidwa zithunzi zofotokoza mbiri ya dziko lino, ndipo m'kati muli zipinda zitatu. Choyamba chifotokoza mbiri ya mishoni ndi kukumana kwake ndi miyambo ya anthu. Chachiwiri ndi cha Achewa, chimene chimamutenga mlendo kuchokera pa kubadwa kwa mwana, kudzera pa chinamwali ndi ukwati, kufikira pa maliro, ndipo m'menemo muli nkhope za zilombo zopitirira 400, zimene n'zovuta kuzipeza pamodzi chotere kwina kulikonse. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Pambali pa nyumbayi pali malo a kafukufuku, otchedwanso Kafukufuku, osungiramo mabuku, zolembedwa, zithunzi ndi makanema, kumene ophunzira a m'sukulu zaukachenjede a kuno ndi a kunja amadzakhala masiku akuwerenga. Palinso nyumba yoonetsera ndi kugulitsira zosema, ndi nyumba zogona alendo za Namalikhate.

Kayendetsedwe ka bungweli n'kosavuta kukamvetsa. Lili m'manja mwa a Missionaries of Africa, m'dayosizi ya Dedza, ndipo pamwamba pali mkulu woyang'anira ntchito zonse. Pansi pake pali osamala nyumba ya Chamare ndi otsogolera alendo, amene ntchito yawo ndi kufotokoza za m'zipinda zija; pali osunga mabuku ndi zolembedwa; pali amisiri, amene amagulitsa ntchito zawo kudzera pa bungwe naphunzitsa achinyamata kugwira sompho ndi tchizulo; pali atsogoleri a ovina ndi oimba ng'oma; ndi ogwira ntchito ku nyumba za alendo. Ndalama zoyendetsera zonsezi zimachokera kwa alendo odzaona malo, ku malonda a zosema, ku maphunziro ndi kwa abwenzi akufuna kwabwino. Koma udindo umene sulembedwa pa chitseko cha ofesi iliyonse, chinkana ndiwo wagwiriziza zonse, ndi wa mafumu, eni mizinda ndi anamkungwi a m'midzi yozungulira, pakuti popanda chilolezo chawo ndi nzeru zawo palibe chilombo chikanaponda pa bwalo la Kungoni.

Maphunziro a pa Kungoni amafika kwa anthu a mitundumitundu. Ansembe, masisitere ndi ogwira ntchito za chitukuko ongofika kumene m'dziko muno amadzakhala masiku angapo akuphunzira za chikamwini ndi mbumba, za mdulo, za maliro ndi za mizimu, kuti pokagwira ntchito pakati pa anthu asakalakwire mwambo mosadziwa. Safunsa anadya phula. Koma alendo amene ife tiwawerengera koposa ndi ana a sukulu, amene amabwera ndi aphunzitsi awo m'mabasi ndi m'malole. M'sukulu zathu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, m'mene ana ayenera kuphunzira kuimba, kuvina ndi luso la manja. Koma mphunzitsi wotumizidwa kutali ndi kwawo, amene mwina anakulira m'tauni, wopanda ng'oma ngakhale imodzi pa sukulu pake, amangolemba mayina a magule pa bolodi kuti ana aloweze pokonzekera mayeso. Mwana wotero akhoza kutchula kuti ngoma ndi gule wa Angoni asanamvepo m'chifuwa mwake kugunda kwa mapazi a amuna makumi awiri oponda pamodzi. Tsiku limodzi pa Mua silingamusandutse katswiri, ndipo palibe amene amanena chotero. Chimene limachita ndi kumuchotsera manyazi, kuti akabwerera kwawo akafunse agogo ake nyimbo imene kale ankaiona ngati yachimidzi, ndi kumuonetsa mphunzitsi kuti akatswiri amene akuwasowa ali m'mudzi womwe wazungulira sukulu yake, akungodikira kuitanidwa mwaulemu.

Pali funso limene anthu oganiza bwino akhala akufunsa, ndipo siliyenera kunyozedwa: kodi n'koyenera kuti nkhope za zilombo zikhale poonekera kwa osalowa, ndi kuti gule wa pa maliro avinidwe masana pamaso pa alendo olipira? Ena mwa eni mwambo zimawawawa ndithu, ndipo kuwawidwa kwawo kuli ndi maziko. Ife tiona kuti malire alipo ndipo ayenera kusungidwa: zimene zimaphunzitsidwa pa Kungoni ndi mwambo umene gule amalankhula poyera pa bwalo, umene cholinga chake n'chakuti aliyense aumve ndi kuusunga, koma za ku dambwe ndi za m'tsimba zili ndi eni ake, ndipo sukulu kapena nyumba yosungiramo zinthu singalowe m'malo mwawo. Mphunzitsi wobwerera kuchokera ku Mua asakayese kuvinitsa ana ake zilombo pa bwalo la sukulu. Akawaphunzitse chimtali, mganda, ngoma ndi nyimbo za nthano, ndipo za gule akawaphunzitse kumva tanthauzo ndi kupereka ulemu.

Dziko lonse lapansi linadzavomereza ulemerero wa magule athu pamene bungwe la UNESCO, m'chaka cha 2005, linaika Gule Wamkulu wa Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka, m'gulu la chuma chopambana cha miyambo ya anthu onse, ndipo tchopa wa Alhomwe anatsatira m'chaka cha 2014. Pofika chaka cha 2005 a Kungoni anali atagwira kale ntchitoyi zaka pafupifupi makumi atatu. Zipatso za kafukufuku wa Bambo Boucher Chisale zinatuluka m'buku lalikulu la Chingerezi lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance m'chaka cha 2012, m'mene zilombo zambiri zafotokozedwa pamodzi ndi nyimbo zawo m'Chichewa, ndipo mbiri za zilombo zina zinaikidwa pa intaneti kuti ofuna kuphunzira azipeze ali kutali.

Masiku ano bungweli likupitiriza kulandira masukulu, magulu a mipingo ndi alendo, kuchititsa maphunziro a miyambo, ndi kuphunzitsa achinyamata kusema, kuimba ng'oma ndi kuvina, pozindikira kuti nkhalamba zimene zinapereka nyimbo zoyamba zija zambiri zinatsikira kuli chete, ndi kuti woimba mbalule waluso saphunzitsidwa m'chaka chimodzi. Likusamalanso zolembedwa, zithunzi ndi makanema akale kuti chinyontho ndi chiswe zisawononge, ndi kulimbikitsa kubzala mitengo, popeza ng'oma ndi chosema zonse ziwiri zimachokera ku mtengo, ndipo mapiri a kumtunda kwa Mua akutha ndi makala. Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Ogasiti, kumakhala tsiku lalikulu la chikondwerero cha miyambo, limene limasonkhanitsa mafumu, ansembe, magulu a ovina ochokera m'midzi ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ana a sukulu ndi khamu la anthu. Magule, nyimbo ndi masewero a tsikulo amalukidwa pa mutu umodzi wokhudza moyo wa anthu m'chaka chimenecho. Sukulu kapena gulu lofuna kukaphunzira pa masiku ena liyenera kudziwitsa ofesi ya bungweli nthawi ikadalipo, chifukwa ovina ndi oimba ng'oma ndi alimi okhala m'midzi yawo, ndipo amafunika kuitanidwa kuchokera ku minda.